Amama Akana Madzi a ku Woodlands

Lolemba

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa tatsekera, mphepo ya Ogasiti yayamba, ndipo ine ndatsala ndi sabata ino yokha kuti ndiwakope Amama.

Nyumba zaudzu zozungulira za ku Kabwata akuzigwetsa, akuti amangepo mafulati. A tcheyamani a chipani adutsa kale mumzere wa nyumba umene Amama amakhala, kunena kuti mwezi uno usathe anthu akadali momwemo. Amalume atumiza mawu kuti Lamulungu abwera ndi lole kudzawatenga, akakhale kumudzi ku Katete. Ine ndikuti ayi. Nyumba ino ya ku Woodlands ili ndi chipinda chongogonamo akangaude, ine ndili ndi pakati poyamba, ndiye mayi wondibala ndizikamuona pa Khirisimasi pokha?

Avomera kudzagona kuno Loweruka, akuti kuyesa. Lamulungu anena kumene apite.

Vuto ndi madzi. Atabwera mwezi watha ndinagwada bwinobwino, ndinawapatsa madzi m'tambula ya paukwati. Ananunkhiza, anaika pansi. "Nilibe ludzu." Munthu woti wayenda padzuwa kuchokera potsikira basi! Mlendo kukana madzi pakhomo pako zimawawa, nanji akakhala mayi wako. Potsanzikana analankhula ndi amuna anga a Tembo monga amalankhulirana apongozi, nkhope kukhoma, mawu kudzera mwa ine: "Uwauze apongozi kuti nyumba ni yabwino, koma madzi ao anunkha khola."

A Tembo zinawakhala pamtima. Chiwakwezereni pantchito n'kupatsidwa nyumba imene munali mzungu, amayenda ngati paipi iliyonse anaika okha. Amadzitama kwa anzawo a ku Kabwata kuti ngakhale madzi athe mumsewu monse, kwathu amatulukabe. Ndipo n'zoona. Chifukwa chake sitikuchidziwa, sitinafunsepo munthu.

Koma fungo lilipo. Ndakhala ndikulikana chifukwa cha manyazi, lero ndavomera.

Zochita:
Kukonza mpopi wa kukhitchini. Tinaupeza ukuchucha, a Tembo anaukhomera kamtengo kukamwa n'kuumanga ndi mphira wa njinga, monga ankachitira malemu Atate ku Kabwata. Chilowereni muno, akumwa timatunga kubafa.
Kuwiritsa, kusefa, kuvindikira, monga amatiuzira anesi kukiliniki.
Kugula ndowa ya chivindikiro ndi kapu yake yotungira, yosamwera munthu.
Kuwaletsa a Tembo kunena kuti "ni simpo chabe."

Lachiwiri

Kumasitolo a ku Kamwala. Fumbi m'maso, anthu kukankhana, mabelo a nsalu mpaka pakhomo. Ndikufuna kamphira kozungulira kamene kamakhala m'kati mwa mpopi. A Tembo andijambulira papepala, koma chojambulacho chikuoneka ngati chitumbuwa.

Sitolo yoyamba mulibe. Yachiwiri akuti chitsekereni malire a kumwera zinthu sizibwera. Yachitatu mulibenso, koma mwini wake walimbikira kuti ndigule nyale ya parafini ndi loko, ngati kuti madzi ukawaunikira n'kuwakhoma amasiya kuchucha.

Ndowa ndapeza, yoyera, ya mzere wabuluu kukamwa. Nsalu yosefera ndapeza. Ndagulanso chitenje chimene sindinachifune, chifukwa chafanana ndi chimene Amama anavala chaka cha ufulu. Ndikuwaona mpaka lero. M'mawa mwake amayi onse a mzere wathu anabwera kumpopi atavala zofanana, ndowa zili pamzere, wotunga palibe, aliyense akuvina. Ya Amama inasefukira mpaka kupanga kamtsinje, Atate akukalipa kuti ufulu si kutaya madzi. Palibe anawamva. Ine ndinali mtsikana wa sitandade sikisi, ndinavina mpaka nsapato ya sukulu kuduka lamba.

Panja pa sitolo bambo wosoka nsapato wandidulira timphira titatu pa tayala lakale. Akuti kena kakakana, kena kavomera.

Madzulo ndatunga kubafa, ndawiritsa mpaka nthunzi kuyenderera pakhoma, ndasefa, ndathira mu ndowa yatsopano, ndavindikira. Atazizira ndalawa. Fungo lija lilipobe, kungoti tsopano ndi lophika.

A Tembo nawo alawa. "Ni mphuno ya mimba iyo." Ndawayang'ana mpaka anyamuka okha kukamvera nkhani pa wailesi.

Lachitatu

A Tembo aweruka msanga, sipanala yobwereka m'thumba la jekete. Apinda malaya. Amasula mphira, azula kamtengo. Ndikufunsa ngati sitiyenera kuyamba tatseka madzi penapake. Akuti ku Kabwata ankatseka ndani? N'zoona. Atate ankakonza mpopi wa mzere wathu madzi akuthamanga, iwo n'kunyowa mpaka kabudula, ife ana tikusamba mwaulere, amayi akutchingira ndowa m'mbali, nthaka ikumwa zotsala. Linkakhala tsiku lachikondwerero. Chimene taiwala tonse awiri n'chakuti mpopi uja unali panja.

Mutu wa mpopi wauluka. Madzi agunda siling'i, abwerera pa ufa. A Tembo atseka ndi chikhatho, madzi atulukira m'khwapa. Kamphira koyamba n'kokhuthala. Kachiwiri kapita ndi madzi pansi pa chitofu. Kachitatu kalowa, koma pomanga a Tembo aonjeza mphamvu kuti ndione, mutu wa mpopi wang'aluka pakati.

Zonyowa: ufa, shuga amene ndinaimira pamzere m'mawa wonse sabata yatha, machesi onse, wailesi, taye, ndi ulemu wa mwini nyumba.

Madzi atuluka pakhomo, adutsa pansi pa mpanda wamaluwa, alowa m'dimba la repu la aneba. Ndi mmene tadziwira dzina lawo chikhalireni kuno: Bana Mulenga, mayi wa ku Kitwe. Aima pampanda manja m'chiuno, moni m'chinenero chakwawo. "Shani, ba ticha? Mwayamba kulima mpunga?" Aloza ndi chala kachivindikiro kachitsulo kobisika m'kapinga pafupi ndi geti yathu, akuti potsekera madzi ndi pamenepo. "Valani apo." Abwerera m'nyumba mwawo osacheuka.

A Tembo atukula kachivindikiroko, apeza chogwirira, apotokola. Madzi aima.

Ine ndikukolopa, iwo akufinya taye. Ndili mtsikana, ndikamasenza ndowa m'mawa wa Juni zala zitauma, ndinkalumbira kuti ndidzakwatiwa kunyumba ya mpopi m'kati. Walira mvula walira matope.

Lachinayi

Chodabwitsa. Pageti n'potseka, koma kubafa madzi akutuluka ngati kale. Chimbudzi nacho chikugwira ntchito. A Tembo akondwa, zadzulo aiwala. "Waona? Tili na malaini yabili. Imozi ya bonse, imozi ya bwana." Apita kuntchito akuimba mluzu.

Ine ndatsala ndi ketulo. Wiritsa, sefa, vindikira. Pansalu patsala timatope, tiudzu, ndi kanthenga kotuwa. Nthenga! Laini ya bwana imadutsa m'chisa?

Ndakhala m'mphepete mwa bafa kanthengako kali m'manja. Mwana wasuntha. Miyezi yonseyi ndakhala ndikummwetsa chiyani? Ndachita mantha, ndipo woti ndimuuze palibe, nyumba yonse zii, kunja mphepo yokha.

Ku Kabwata paipi unkaiona ikutuluka m'nthaka, n'kudziwa kuti nkhani yathera pomwepo. Amama ankathira mu mtsuko pakona, mbale pamwamba, chikho chopachika pamsomali. Mtsuko ankautsuka okha Loweruka lililonse, sankakhulupirira dzanja la wina. Woviika chala ankalawa chikho chomwecho pamutu. Madzi ozizira, onunkhira dothi. Lero ndikuwalakalaka kuposa nyama.

Masana mpopi wa kubafa wayamba kutsokomola. Watulutsa zofiirira ngati thobwa, wapuma, watulutsanso, kenako wasiya. Laini ya bwana yatha.

Kutsegula pageti sitingathe, khitchini isandukanso dziwe. Madzi amene alipo ndi theka la ndowa, onunkha khola, ndipo pakamwa panga safikanso. A Tembo akuti mawa apeza mpopi wina. Ndawaonetsa kanthenga. Akatembenuza uku ndi uku, akuti mwina kanagwa pa pilo.

Tadya buledi wouma ndi malalanje m'nyumba yodzaza mipopi.

Lachisanu

Kwa Bana Mulenga sindingapemphe, repu wawo wagona m'matope. Ndatenga chigubu, ndachikulunga m'chitenje ngati katundu wofunika, ndakwera basi ya ku Kabwata. Cholinga: kutunga msanga, kubwerera Amama asanandione.

Mizere ya kumtunda agwetsa kale. Pamene panali nyumba ya mnzanga amene tinkapita naye kusukulu pali mulu wa njerwa ndi mtengo wa papaya wokha. Ndaima pang'ono. Malowo ndi ochepa modabwitsa. Tinkakwanamo bwanji tonse, ndi alendo omwe?

Mpopi wathu ukadalipo, mphira pamwamba pa mphira. Ndowa pamzere, mabeseni, ndi mwala wosungira malo a wina amene wapita kukayang'ana ndiwo pamoto. Mwalawo palibe angaulumphe, umasuntha ndi mzere ngati munthu.

Sindinafike n'komwe. "Onani, ba madam ba ku Woodlands!" Andimasula chitenje, apeza chigubu. Kuseka kwake mpaka mayi wina wakhala pansi. "Si paja kwanu manzi siyasila?" Mawu a a Tembo aja, oti kwathu madzi satha, anafika kuno kale ndipo anasungidwa bwino.

Andilowetsa kutsogolo chifukwa cha mimba. Wina waigwira akuti mwamuna, wina akuti mkazi, akangana mpaka kulumbira. Chigubu chisanadzaze ndamva amene wasamukira ku Chelstone, amene wapatsidwa fulati koma akuopa masitepe, amene wathawidwa ndi mwamuna, amene watisiya. Ku Woodlands ndimamva za kumayiko akutali pa wailesi, za kuseri kwa mpanda ayi. Ndawerama, ndamwa ndi manja pampopi pomwepo. Ndamwanso mpaka diresi kunyowa.

Potembenuka, Amama ali kumbuyo kwanga ndi ndowa yawo. Ayang'ana chigubu, ayang'ana ine. Sanaseke, bola akanaseka. "Mawa nibwele nao madzi anga?" Ndati ayi, Amama, zonse zikhala bwino. Andisenzera chigubu mpaka pokwerera basi, iwo okalamba akutsimphina, ine ndikuyenda pambali manja lende. Ndaona mmene khosi lawo lachepera. Ndowa imeneyi sayenera kuisenzanso, ndatsimikiza mumtima.

A Tembo abwera ndi mpopi wakale wamkuwa, augula kwa munthu amene akugumula nyumba ku Emmasdale. Sananene kuti ni simpo. Apa ndiye ndayamba kukhala ndi chiyembekezo.

Loweruka

M'mawa. Mpopi walowa osavuta. A Tembo atsegula pageti. Kukhitchini madzi oyera mbee, fungo palibe. Ndisanavine, tamva phokoso pamwamba pa mitu yathu, ngati munthu akudzaza mgolo. Tayang'anana. Kaphokosoka timakamva chilowereni muno, a Tembo ankati ndi mphepo m'malata.

Pasiling'i ya m'kanjira kopita kubafa pali kachitseko. Tinkayesa n'chokongoletsa. Tebulo, mpando pamwamba pa tebulo, a Tembo pamwamba pa mpando, atavala kabudula wawo wampira wa kusekondale, tochi kukamwa.

Lipoti lochokera kumwamba:
Kuli thanki yaikulu yachitsulo.
Chivindikiro chake chathabwa chili pambali, chiswe chinadya kalekale.
Nkhunda zimalowera pampata wa denga, zinamanga pamtanda pamwamba pa thanki penipeni.
Pansi pa thanki pali matope, ndi imodzi imene inagwamo sinatuluke.
Mapaipi a kubafa ndi kuchimbudzi akuchokera m'thanki. Ya kukhitchini sidutsamo.

Ndiye kuti mpopi wokhawo wa madzi akumwa m'nyumba muno ndi umene tinaukhomera kamtengo tsiku loyamba. Safunsa anadya phula, ife tamwa nkhunda. Ndathamangira panja kukasanza.

Tatsekanso pageti, tatsegula kubafa kuti thanki iume. A Tembo akupala matope, ine ndikulandira tizidebe pakachitseko. Amama anati afika madzulo, nthawi ilipo.

Afika dzuwa lisanafike pamutu, kamtolo pamutu, odi pakhomo. A Tembo kumva odi wa apongozi adzidzimuka, aphonya mtanda. Siling'i ya pabalaza yabooka. Miyendo iwiri yatulukira mpaka m'chiuno, kabudula wakwinyikira m'mwamba, ikupalasa njinga yosaoneka pamwamba penipeni pa mpando umene ndakonzera mlendo.

Amama sanaonepo ngakhale chigongono cha mkamwini wawo. Atula kamtolo, atembenukira kukhoma, agwada, aomba m'manja pang'onopang'ono.

"Uwafunse apongozi ngati auka bwino."

Ndayang'ana kumwamba. "Akuti mwadzuka bwanji."

Miyendo yaleka kupalasa, yagundana mwaulemu. M'denga mwatuluka Chichewa chakumudzi chimene sindinachimve kuyambira tsiku la ukwati. "Uwauze tadzuka bwino, kaya iwo. Uwauze akhale omasuka, pano m'pakwawo."

Amama atuluka chammbali, akakhala pansi pa mtengo wa mango msana kunyumba, mpaka miyendo yabwerera kumene inachokera. Mapewa awo akugwedezeka. Akuti ndi chifuwa cha fumbi la Ogasiti.

Madzulo thanki yatsukidwa ndi madzi otentha, yavindikiridwa ndi chitseko cha kabati, mpata wa nkhunda watsekedwa ndi waya wa khola. A Tembo avala thalauzi ndi jekete, akhala kuchipinda, ntchafu zopalika. Ine ndatunga kukhitchini, ndawiritsa, ndasefa, ndaziziritsa. Ndagwada. Amama anunkhiza nthawi yaitali. Amwa onse.

"Onjeza."

Ndaonjeza. Ndapambana! Ndawayalira bedi m'chipinda chawo, akangaude onse ndasesa.

Lamulungu

Ndadzuka, bedi la Amama n'loyalula kale, iwo mulibe. Ndawapeza panja pa kampopi kothirira maluwa pafupi ndi geti. Ndowa yanga yodzaza, yovindikira, iwo akhala pambali pake miyendo atatambasula, akuyang'ana kumsewu. Akuti akhalapo chitulukire dzuwa.

"Kwapita galu mmodzi ndi mzungu wa njinga. Wanipatsa moni ni galu."

Ndati madzi ali m'nyumba, Amama, simudzasenzanso ndowa. Ndati mwendo wanu, khosi lanu. Ndati mwana akubwera ndipo ine sindidziwa kanthu. Ndanena zonse zimene ndakhala ndikukonza sabata yonse, misozi ikundisokoneza.

"Madzi ako ni abwino, mwana wanga, nawamwa. Koma ine kuja nikapanda kuoneka pampopi m'mawa umodzi, dzuwa lisanakwele anthu ali pakhomo kugogoda, kuti kaya nadwala, kaya nafa. Ku Katete pachitsime ni chimodzimodzi. Kuno iwe uli kusukulu, apongozi ali kunchito, nikagwa m'bafa muja adzadziwa ndani?"

Ndanyamula ndowa ija, ndalowa nayo m'nyumba.

Tapemphera ku Kabwata. Potuluka m'tchalitchi lole ya amalume yaima kale pamzere. Katundu anyamula ndi amayi a kumpopi, aliyense kakekake, akuimba, ena akulira, ena akukangana za mmene amangire bedi. Ine sandilola kugwira ngakhale mtondo.

Kwa ine Amama akuti nthawi ikayandikira nditumize mawu, adzabwera. Kwa a Tembo, nkhope kumbali: "Uwauze apongozi agule thalauzi yogwilila nchito." A Tembo agwada m'fumbi ndi suti yawo ya kutchalitchi, aomba m'manja nthawi yaitali. Maso awo afiira. Sindinkadziwa kuti nawonso amafuna Amama akhale.

Lole yakhota pakona, fumbi latsala.

Kunyumba mpopi sukuchucha. Thanki n'njoyera, ndowa n'njodzaza, chibowo cha pabalaza chikudikira mmisiri. Chilichonse chimene ndinafuna kukonza chakonzeka. A Tembo afunsa ngati ndimwa tiyi, ndati ayi, apita okha kukatereka ketulo.

Mawa Lolemba. A Tembo apita kuntchito, sukulu n'njotseka, madzi ndili nawo m'nyumba. Sindituluka kukatunga, ndipo palibe adzagogoda.